Foni imanena kuti kugwa mvula, koma sinena kuti ndi mvula yanji

Ndimalima tomato, kabichi ndi kachewere pang'ono kuno ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, ndipo katundu wanga wambiri amathera pa msika wa Limbe. Mwana wanga wachiwiri, amene amagwira ntchito mu mzinda wa Blantyre, ndiye anandigulira foni yamakonoyi chakumapeto kwa 2022. Tsiku lomwelo anandiikiramo pulogalamu ya zanyengo, imodzi mwa zija zaulere zotsitsa pa intaneti. Anati, "Amayi, kuyambira lero muziona masiku khumi akutsogolo muli khale pakhonde." Dzina la pulogalamuyo sindilitchula. Ndaona za amayi anzanga atatu a pagulu lathu la alimi ndipo zonse n'zofanana: kadzuwa, kamtambo, kamtambo kokhala ndi timadontho, nambala ya kutentha, kenako maperesenti. Ena mwakhala mukundifunsa kumsika ngati chinthuchi n'chothandiza kwa munthu wa kudimba. Kumsika sikulongosoleka nkhani, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Kugwiritsa ntchito kwake sikovuta. Ukangotsegula imakuonetsa lero, ukakokera chala m'mbali ukuona ola ndi ola, ukatsitsa ukuona masiku akubwerawo. Salipiritsa, koma popanda bandulo siisintha, imangokuonetsa zadzana ngati ndi zalero, ndipo ukapanda kuyang'ana tsiku pamwambapo ukhoza kunamizika. Zotsatsa malonda zimatulukira pafupipafupi ndipo zimadya bandulo. Zonse zili m'Chingerezi. Ine ndinalekezera Fomu 2 ndiye ndimatolako, koma apongozi anga ndikawaonetsa amangoona zithunzizo basi.

Ndiyambe ndi pamene inandithandiza, poti chilungamo n'chofunika.

Mu Marichi 2023, kutatsala masiku anayi kapena asanu kuti namondwe wa Freddy afike, mzere wonse wa masiku unadzaza timadontho, ndipo manambala a mamilimita anali aakulu moti poyamba ndinkayesa kuti foni yasokonekera. Pa wailesi nawo anali atayamba kuchenjeza. Ziwirizi zitagwirizana ndinachita mantha. Ine ndi abambo akunyumba tinakumba ngalande kuzungulira nyumba ndi khola, tinakweza matumba a chimanga ndi feteleza pa benchi, ndipo ndinaimbira mng'ono wanga amene ankachita lendi m'munsi mwa phiri la Soche kuti atenge ana abwere kuno. Anabwera Loweruka. Zimene zinachitika ku Chilobwe masiku otsatirawo tonse tikuzidziwa, matope ndi miyala kutsika m'phiri usiku anthu ali m'tulo, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Sindinganene kuti foni yokha ndiyo inatipulumutsa, koma kuona ndi maso anga masiku atatu otsatizana atalembedwa mvula yosalekeza kunandichititsa kuti ndisazengereze. Pa zinthu zikuluzikulu ngati zimenezi, zokuta chigawo chonse, pulogalamuyi imaona patali. Kungoti magetsi atathima foni inazima tsiku lachiwiri, ndipo chimene chinatsala chikulankhula m'nyumba ndi kawailesi ka mabatire.

Pa kuzizira ndi kutentha imalondolanso. Mu Juni ndi Julayi ikalemba kuti usiku kutsika mpaka madigiri 9 kapena 10, ndimadziwa kuti anapiye afunika mbaula ndipo nazale ndiiphimbe. Mu Okutobala ikalemba kutentha kwambiri ndimathirira m'mamawa ndi madzulo okhaokha. Apa ndilibe dandaulo.

Dandaulo langa lili pa mvula yeniyeniyo.

Agogo anga akuchikazi sankangoti "mvula". Ankati kukubwera chizimalupsa, kapena kwayamba mawawa, kapena uwu ndi mvumbi musachape zovala. Dzina lililonse linali ndi ntchito yake, linkakuuza chochita. Chizimalupsa ndi ija ya mu Okutobala kapena chakumapeto kwa Sepitembala, yobwera kudzazimitsa tchire lopsa n'kusiya kafungo ka dothi. Imeneyo munthu wanzeru sabzalira. Yobzalira imabwera pambuyo, yolowa pansi mpaka ukakumba ndi khasu osapeza fumbi. Pali ya mabingu ndi ziphaliwali, yogwa masana kukatentha, yamphamvu koma yosakhalitsa. Pali yamkuntho yosasula madenga, ya matalala, ya mvumbi yogwa usana ndi usiku masiku angapo nkhuni zonse n'kunyowa. Ndiye pali chiperoni chathu cha kuno kumapiri. Pa foni, zonsezi chithunzi chake n'chimodzi: kamtambo ndi timadontho titatu. Zikachuluka amawonjezerapo kamphezi.

Wina anganene kuti mvula ndi mvula. Mlimi wa tomato sanganene choncho.

Mu Julayi 2023 ndinali ndi mizere 18 ya tomato m'dimba la kumunsi, atayamba kale kubereka, wina ngati dzira kukula kwake. Ndinkayenera kupopera mankhwala oteteza ku matenda a chiwawu Lolemba, koma kunagwa maliro a alamu anga ku Luchenza. Lamulungu usiku ndinatsegula foni. Lolemba kamtambo ndi kadzuwa, Lachiwiri kamtambo, Lachitatu kamtambo, maperesenti a mvula osapitirira 10, mamilimita palibe. Ndinati mtima pansi, ndikapopera pobwera. Lachiwiri m'mamawa tili pa siwa, mphepo yozizira inayamba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, phiri la Mulanje limene timaliona bwinobwino dzulo lake linasowa, kenako kunayamba kaja kamvula kosamveka padenga, kongonyowetsa nkhope ndi mpango. Mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi anangoti, "Chiperoni ichi, mwanawe, sichichoka lero." Mtima wanga unapita ku dimba.

Chinakhala masiku atatu. Nditafika kunyumba Lachinayi madzulo sindinalowe n'komwe m'nyumba, ndinatsikira kudimba ndi chitenje chomwecho cha kumaliro. Masamba a m'munsi anali ndi mawanga akuda onyowa ngati wawathira madzi otentha. Nditatembenuza tsamba limodzi, kunsi kwake m'mphepete mwa bangalo kunali kanthu koyera ngati ufa wonyowa. Ndinapopera m'mawa mwake, ndinathothola masamba odwalawo n'kukawakwirira kutali, koma chiwawu chikalowa sichimva mankhwala oteteza aja. Patatha sabata mitengo inada m'mfundo, tomato anachita zigamba zofiirira zolimba, ndipo mwa mizere 18 ndinakololako bwino isanu ndi iwiri yokha ya kumtunda kumene kumawomba mphepo. Ndalama ya fizi ya mtsikana wanga wotsiriza inali m'mizere imeneyo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti foni sinaname kwenikweni. Ukaika chitini panja masiku a chiperoni, madzi amene ungapezemo sangakwane kumwetsa nkhuku. Pa mamilimita, mvula panalibedi. Koma chiwawu sichiwerenga mamilimita. Chimafuna tsamba lonyowa nthawi yaitali ndi kuzizira, ndipo chiperoni chimapereka zonse ziwiri mosalekeza. Mvula ya mabingu ikhoza kugwa yodzaza ndowa, dzuwa n'kutuluka, pofika 4 koloko masamba auma. Chiperoni chimawasiya onyowa usana ndi usiku. Kwa ine wa tomato ndi kachewere, kamvula kamene foni sikawerengera ndiko koopsa kuposa chimvula chimene imachijambula ndi mphezi.

Ndinawadandaulira alangizi athu a zaulimi atabwera kudzaona dimbalo. Iwo sanainyoze pulogalamuyo, anangondifotokozera mmene imagwirira ntchito, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuiwerenga mosiyana. Anati, "Mayi, musaganize kuti pali munthu amene wakhala penapake n'kumayang'ana Bvumbwe. Ndi makompyuta a kunja amene amagawa dziko lonse lapansi m'timabokosi, kabokosi kalikonse makilomita angapo mbali zonse, n'kupereka yankho limodzi pa kabokosi konseko." Ndiye taganizani dera lathuli. Ife tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kungotsika phiri chakumadzulo uli m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa, kumene kuli pansi kwambiri ndipo kumatentha ife tikuotha moto. Chiperoni ndi mpweya wozizira wachinyontho wochokera ku nyanja yamchere ya India, umene umadutsa m'dziko la Mozambique, ndipo dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone la m'dzikomo, kufupi ndi Milange. Mpweyawo ukafika pa mapiri athu umakakamizika kukwera, ukakwera umazizira, chinyontho chija n'kusanduka nkhungu ndi mawawa. Ukatsikira kuchigwa umauma. Choncho tsiku limodzi lomwelo wa ku Thyolo wavala juzi akunyowa, wa ku Nchalo akuyanika chimanga. Kompyuta yophatikiza phiri ndi chigwa m'bokosi limodzi ingalembe chiyani? Imangolemba kamtambo.

Anandifotokozeranso za maperesenti, amene ambiri timawamva molakwa. Ikalemba 60 sikuti mvula igwa tsiku lonse kapena kuti ikhala yamphamvu. Ikungotanthauza kuti mpata woti pagwe mvula, ngakhale yochepa, ndi wokulirapo kuposa woti isagwe. Kuchuluka kwake kuli pa mamilimita, amene pulogalamu yanga inawabisa mkati moti umachita kudina tsikulo kuti uwaone. Opanga zinthuzi akanaika mamilimitawo poyera akanatithandiza kwambiri.

Za matalala ndinene mwachidule. Mu Novembala 2023 foni inaonetsa kamphezi, zimene nyengo imeneyo imaonetsa pafupifupi tsiku lililonse. Cha m'ma 3 koloko kunada bii chakumpoto, mphepo inazizira mwadzidzidzi, ndipo padenga panayamba kulira ngati ana akugenda. Mphindi khumi zokha. Kabichi amene ndinali nditangowokera anabooka masamba ngati wadyedwa ndi ziwala, pamene msuweni wanga wa kutsidya kwa msewu, mtunda woyenda wapansi, sanaone ngakhale talala limodzi. Apa sindiimba mlandu pulogalamuyo kwambiri. Matalala amapangika m'mitambo italiitali ya mabingu, pamene mphepo yokwera imanyamula madontho kuwafikitsa kozizira kwambiri n'kuundana ngati miyala, ndipo amagwa pa kadera kochepa. Palibe angakuuze dzulo lake kuti agwera munda wa uje. Komabe mawu oti "kukhoza kugwa matalala" akanakhalapo ndikanaphimba nazale ndi udzu.

Nkhungu nayo siitchula kawirikawiri. Ife timanyamuka 4 koloko m'bandakucha pa kagalimoto ka matola kuti tikafike ku Limbe ogula asanabalalike, ndipo mu Juni msewu umenewu nkhungu imatseka moti dalaivala amayendera mzere wa m'mbali. Kudziwiratu kukanatithandiza kunyamuka mofulumirirapo.

Chimene chinandipweteka kachiwiri ndi masiku khumi aja amene mwana wanga anandilonjeza. Mu Febuluwale 2024, chaka cha El Niño, kusintha kwa nyengo kumene kumachepetsa mvula kuno, kunachita ng'amba chimanga chili pofuna kumasula. Tsiku lililonse ndikatsegula foni, masiku asanu oyambirira anali kadzuwa, koma chakumapeto, tsiku lachisanu ndi chitatu kapena lachisanu ndi chinayi, kunkakhala timadontho. Mawa lake timadontho tija tasunthira kutsogolo tsiku limodzi. Mkuja chimodzimodzi. Mvula imeneyo ndinaithamangitsa ndi maso pafupifupi masabata atatu osaipeza. Ndinali nditasunga theka la thumba la feteleza wobereketsa wa chimanga chimene ndinabzala mochedwa, ndipo tsiku lina timadontho titayandikira n'kufika pa masiku anayi, ndinalephera kupirira, ndinakathira. Mvula sinabwere. Fetelezayo anangokhala pa dothi louma, wina kuuluka ndi dzuwa, chimanga chikupota masamba ngati anyezi. Mwezi wotsatira boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala, ndiye sindinali ndekha, koma theka la thumba limenelo ndimalikumbukirabe, poti mtengo wa feteleza mukuudziwa. Alangizi anandiuza pambuyo pake kuti ulosi uliwonse ukapitirira masiku anayi kapena asanu umayamba kufooka, makamaka pa mvula ya mabingu ya kuno kotentha. Pulogalamuyo sikuchenjeza zimenezo. Tsiku lakhumi imalijambula molimba mtima ngati la mawa.

Chimene chinadzandithandiza kutseka mpata umenewu ndi uthenga wa sabata wochokera ku Nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre konkuno. Mlembi wa gulu lathu amautumiza pa WhatsApp sabata ikamayamba, ndipo zofanana nazo zimamvekanso pa wailesi. Kale ndinkangoudutsa chifukwa ulibe zithunzi zokopa ngati za pulogalamu ija. Nditayamba kuuwerenga mofatsa ndinapeza chimene ndinkasowa: umatchula chimene chikubweretsa nyengoyo. Ukanena kuti kukhala chiperoni kuyambira pakati pa sabata m'madera okwera a chigawo chakum'mwera, ine ndamva kale kuti ndipopere mawa. Ukanena za mphepo ya mwera pa nyanja ya Malawi, achimwene anga amene amapikula usipa ku Mangochi amadziwa kuti asodzi salowa m'madzi ndipo nsomba ikwera mtengo. Nthawi ya dzinja umasiyanitsa mvula yobwera ndi mpweya wachinyontho wochokera ku Congo ndi yobwera chifukwa cha namondwe wa m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ndipo umanena ngati ikhala ya mabingu, yamphamvu, kapena ya apo ndi apo. Umagawanso dziko mmene ife timalidziwira: chigwa cha Shire pachokha, madera okwera a kum'mwera paokha, m'mbali mwa nyanja, chigawo chapakati, kumpoto. Anthu amene amaulemba amadziwa kuti Ngabu si Bvumbwe. Suungakuuze ola limene mvula iyambe pa dimba lako, poti umanena za madera akuluakulu, ndipo pamenepo m'pamene foni imabwereranso ntchito.

Ndiye panopa ndimachita chonchi. Lamulungu madzulo kapena Lolemba m'mawa ndimawerenga uthenga wa sabata kuti ndidziwe mtundu wa nyengo imene ikubwera. Kenako tsiku ndi tsiku ndimatsegula pulogalamu ija, koma ndimangoyang'ana masiku atatu oyambirira, enawo ndimachita ngati palibe. Ndinaphunziranso kuyang'ana manambala awiri amene poyamba sindinkawasamala. Ina ndi ya chinyontho cha mumpweya, ina ndi kamuvi koonetsa kochokera mphepo. M'miyezi yozizira, ndikaona chinyontho chapitirira 90, mphepo ikuchokera kum'mwera chakum'mawa, kutentha kwa masana kwatsika mwadzidzidzi, ndimadziwa kuti ndi chiperoni ngakhale chithunzi chikhale kamtambo kopanda dontho. Zizindikirozo pulogalamuyo inali nazo kale tsiku lija ndinkapita ku Luchenza. Sinandiuze tanthauzo lake, ndipo ine sindinkadziwa kuziwerenga.

Ndinaikanso choyezera mvula changa. Ndi chitini choongoka cha m'mbali zofanana, chokhomeredwa pa mtengo pakati pa bwalo kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo m'mawa uliwonse ndimaviikamo rula ya mwana wasukulu n'kulemba m'kope. Alangizi anati milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi mbali zonse. Kuyambira pamenepo nambala zija zinayamba kukhala ndi tanthauzo. Mamilimita 5 ndimadziwa kuti ndithirirabe. Ikapitirira 20 ndimapumitsa khasu ndi keni. Kopelo landionetsanso kuti pa mvula ya mabingu foni imalondola tsiku koma imaphonya muyeso: tsiku lina inalemba 4, chitini changa chinapeza pafupifupi 40, chifukwa mtambo unangosankha kukhuthulira pa ife. Pa mvumbi, pamene dera lonse likunyowa mofanana, manambala ake ndi anga amayandikana.

Maso nawo sindinawasiye. Anamzeze akamauluka chapansipansi, linthumbu likamasamuka ndi mazira ake, usiku kukatentha mosagonetsa mu Novembala, ndimayang'ana foni kuti ndione ngati ikuvomereza. Nthawi zambiri zimagwirizana. Zikasiyana ndimakonzekera choipacho, poti kupopera tsiku limodzi mofulumira n'kotchipa kuposa kutaya mizere khumi ndi umodzi.

Kodi ndingamulimbikitse mnzanga kuti aike pulogalamu yotereyi? Eya, aike. Kwa wa m'tauni wofuna kudziwa ngati atenge ambulera, kwa wokonza chinkhoswe Loweruka likudzali, kwa woumba njerwa kapena wofolera nyumba, n'chida chabwino, bola asakhulupirire zopitirira masiku atatu kapena anayi. Kwa mlimi wa kuno kumapiri, ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, payokha siikwana, ndipo ndikupempha ana amene mumaikira makolo anu zinthuzi kuti muzikhala nawo pansi n'kuwaonetsa pamene pali mamilimita, chinyontho ndi mphepo, osangowasiyira zithunzi. Ndikanakhala ndi mwayi wolankhula ndi achinyamata athu odziwa makompyuta, ndikanawapempha chinthu chimodzi: atipangire yolankhula Chichewa, yoti ikaona zizindikiro zija izilemba mawu akuti chiperoni, mvumbi, mawawa, nkhungu, monga ankanenera agogo. Mawuwo tili nawo kale, ndipo mlimi aliyense akawamva amadziwa chonyamula.

Sabata ino foni ikuonetsa kadzuwa lero ndi mawa, kenako kamtambo kopanda dontho Lachitatu ndi Lachinayi, chinyontho chikukwera, kamuvi kakuloza kuchokera ku Mulanje. Uthenga wa pagulu wanena kuti madera okwera a kum'mwera tiyembekezere kuzizira ndi mawawa kuyambira pakati pa sabata. Tomato wanga wa ulendo uno ali pa maluwa. Mankhwala ndagula kale, mpope ndatsuka, ndipo mnyamata wa ganyu ndamuuza kuti afike mame akangouma mawa m'mawa.